Chopereka cha Geti

Mwana wanga wamkazi ndinamutumiza kuyunivesite kuti akaphunzire zowerengera ndalama. Sindinamutume kukakhala pulezidenti. Koma m'chaka chake chomaliza anandiimbira foni, mawu ali m'mwamba, kuti anzake amusankha kutsogolera bungwe la ophunzira. Ndinamufunsa ngati udindowo uli ndi malipiro. Anati ayi, uli ndi ulemu. Ndinamuuza kuti chabwino, sopo akatha azichapira ulemuwo.

Yunivesiteyo ndi ya mpingo wathu wa Katolika, ndipo ndinaisankha ndekha. Ine ndimagulitsa nsapato za kaunjika pamsika. Ndinaona kuti ngati ndalama za nsapato zikuyenera kuthera kusukulu, bola zithere kwa ansembe, kumene mwana amagona mkati mwa mpanda. Bambo ake amayendetsa thiraki yodutsa m'mayiko. Nkhani za sukulu zikafika amati, "Mayi ake, zimenezo mumazitha ndinu," n'kuliza injini.

Foni yachiwiri sinachokere kwa mwanayo. Anaimba ndi Asisitere a mu ofesi ya kalembera, ine ndili mkati mokankhira phazi la kasitomala mu nsapato yomuchepera.

"Mwana wanu tamuimitsa kaye makalasi, mayi. Nkhani yake ipita kukomiti yosungitsa mwambo. Ikakamupeza wolakwa, mayeso omaliza salemba."

"Waba?"

"Ayi."

"Ali ndi mimba?"

"Ayi, mayi. Ndi nkhani ya zidebe."

Nkhani ya zidebe inali motere. Kumayambiriro kwa chaka akuluakulu a yunivesite analonjeza kuti fizi sikwera. Ndipo anthu a Mulungu sanama: fizi sinakwere. Chimene chinabwera ndi chopereka cha chitukuko, choti aliyense apereke mwa kufuna kwake. Kungoti amene sanafune sakanaloledwa kulowa m'chipinda cha mayeso. Choperekacho chinali cha geti latsopano, lalitali, la zipilala ziwiri ndi mtanda pamwamba. Pamenepo n'kuti mipopi ya kumahositelo itauma kalekale chifukwa pampu inafa. Ndiye pulezidenti wanga anauza anzake kuti aliyense atenge chidebe chake chopanda madzi akachiike pakhomo la ofesi ya Bambo Mkulu, wansembe amene amayendetsa yunivesiteyo. Zidebe zinadzaza khonde, masitepe, mpaka pamaluwa. Tsiku lomwelo kunabwera alendo akunja amene amathandiza sukuluyo. Mmodzi wa iwo, wokalamba, poyesa kulumpha analowetsa phazi m'chidebe n'kuyenda nacho mpaka mu ofesi. Ana anajambula pafoni.

Loweruka kunali msonkhano wa makolo. Ndinasiyira katundu mnzanga wa benchi loyandikana nalo n'kukwera basi. Cholinga changa chinali chimodzi: msonkhano ukatha ndikagwade pamaso pa Bambo Mkulu, ndilire ngati pakufunika kulira, mwana alembe mayeso. Zaka zonsezi ndachapa nsapato za anthu osawadziwa, ndipo sindinachapire kuti mwana adzabwere kunyumba ndi chidebe m'malo mwa digiri.

Geti ndinaliona. Linali litafika pakati, zitsulo zikuloza kumwamba. Tonse tinkalowera pambali pake, pamene anagumula mpanda kuti magalimoto a simenti azidutsa. Mlonda anali atakhala pampando pansi pa geti losathalo, kulondera pamene sipadutsa munthu.

Mu holo ndinakhala kumbuyo kwenikweni, pafupi ndi zenera, kuti ndivule nsapato miyendo ipume. Kutsogolo kunakhala makolo a magalimoto. Panali bambo wina wa suti amene ankangozunguza makiyi pachala, ndipo funso lililonse ankaliyamba ndi mawu akuti "ife amene tayendako". Bambo Mkulu analankhula nthawi yaitali za masomphenya. Ndi munthu wa mawu ofewa, ndipo amavala masandasi ngati mmphawi. Masandasi amenewo ndimawadziwa. Ndi a chikopa chenicheni, pabenchi panga safika.

Ndinali nditayamba kusinza pamene ndinamva patali kuti akufuna kholo limodzi loti likhale wapampando wa makolo, lizikhala nawo m'khonsolo ya yunivesite.

"Amene akudzipereka aimirire," anatero Bambo Mkulu.

Bambo wa makiyi anayamba kumanga batani la jekete, pang'onopang'ono, kuti asaoneke ngati mpandowo amaufuna.

Nthawi yomweyo belu la kutchalitchi linalira. Linali belu la masana, lija timaimirira n'kunena pemphero la Mngelo. Ine ndinaleredwa ndi asisitere. Belu limenelo likalira, miyendo yanga siyembekeza kuuzidwa. Ndinaimirira, ndilibe nsapato kuphazi, n'kuweramitsa mutu, manja pachifuwa. Kutsogolo sanalimve chifukwa cha zokuzira mawu. Ngakhale Bambo Mkulu sanalimve. Anangoona mayi waimirira kumbuyo, modzichepetsa kwambiri.

Anthu anaomba m'manja. Ndinamva, koma pemphero sulidula pakati. Pamene ndinkati amen n'kuti nditasankhidwa kale, ndipo bambo wa makiyi anali atamasulanso batani lawo.

Ananditengera ku ofesi ya Bambo Mkulu, komwe ndinkafuna kukagwada kuja, n'kundikhazika pa sofa. Anabweretsa tiyi wamkaka. Sindinafunse kuti madzi ake achokera kuti.

"Bambo, ndinene zoona. Ine ndinaimirira belu."

Anaseka pang'ono. "Mulungu amaitana anthu m'njira zambiri, mayi."

"Ine sanandiitane. Ndabwerera nkhani ya mwana wanga."

Asisitere, amene ankalemba dzina langa, anaimitsa cholembera. Anayang'ana dzinalo, anayang'ana ine, kenako ananong'oneza Bambo Mkulu kukhutu. Bambo anaika kapu pansi mosamala.

"Ndinu mayi ake a pulezidenti."

"Ndine. Koma zidebe zonse zija sindinagule ndine. Changa n'chimodzi."

Bambo anayang'ana kudenga, ndipo ndinaona nkhope yawo ikumasuka ngati ya kasitomala amene wapeza saizi yake. Kenako anayamba kufotokoza. Yunivesite ilibe ndalama. Aphunzitsi amalandira mochedwa, ndipo ena abwino anathawa kale. Alendo aja amakonda kuthandiza zinthu zooneka, zoti ajambule akaonetse kwawo, pomwe pampu ili pansi pa nthaka, sijambulika. Alendowo ananena kuti apereka theka la geti ngati makolo apereka theka linalo. Geti likatha mwina adzabweranso, ndipo mwina za pampu zidzapezeka momwemo. Sankanama Bambo. Anali munthu wotopa ngati ine ndemwe, kungoti iwo amatopera pa sofa.

"Lachitatu tili ndi msonkhano wa ophunzira onse," anatero. "Zikanakhala bwino wapampando wa makolo akanawauza kuti makolo alandira choperekachi ndi manja awiri."

"Makolo ake ati? Palibe amene wandiuza kanthu."

"Akuomberani m'manja, mayi." Anamwako tiyi. "Komiti yosungitsa mwambo ikumana Lachinayi."

"Nkhani ziwirizi zikukhudzana?"

"Ayi, mayi. Zangoyandikana masiku."

Ine za masomphenya sindidziwa, koma malonda ndimawazindikira ngakhale atavala kolala ya wansembe. Pamsika munthu akafuna kuyesa nsapato timamupatsa imodzi, inayo imatuluka akatulutsa ndalama. Ndinauza Bambo kuti mwana abwerere m'kalasi Lolemba, ine ndilankhule Lachitatu, komiti ichite zake Lachinayi. Asisitere anati imeneyo si ndondomeko. Bambo anati chifundo chilibe ndondomeko. Tinagwirana chanza.

Panja ndinapeza bambo wa makiyi atatsamira galimoto yawo. Anandiyamikira, n'kundiuza kuti ndikasowa chonena m'khonsolo ndiziwaimbira, popeza zinthu zimenezi zimafuna munthu woti anayendako. Ndinawauza kuti nanenso ndayendako lero, ndipo miyendo yatupa.

Mwana wanga ndinamupeza kuhositelo. Fungo la zimbudzi linandichingamira ndili pamasitepe. M'chipinda mwake munali mabedi osanjikiza, zovala zakuda zitaunjikidwa pakona, mabotolo a madzi ogula atabisidwa pansi pa bedi ngati chuma. Iye anali atakhala pabedi la pansi, ataonda, milomo itauma. Nkhani inali itamufika kale.

"Amayi, mwapanga chiyani?"

"Ndapemphera."

"Akuti mukalankhula Lachitatu. Mukanena kuti makolo avomera?"

"Ndikanena."

"Makolo ake ati?"

"Nanenso ndinafunsa choncho. Akuti anaomba m'manja."

Anaimirira, mutu n'kugunda bedi la m'mwamba. "Mukudziwa kuti kuno kuli ana amene sangakwanitse? Mnzanga wogona pamwambapa, amayi ake amachapa zovala m'nyumba za anthu. Fizi yokha anachita kupemphetsa kwa abale. Chopereka achitenga kuti? Salemba mayeso ameneyu."

"Amayi ake abwere adzaimirire belu lawo. Ine ndinabereka iwe."

Ndinadziwa kuti ndi mawu oipa. Sindinawabweze.

"Ndiye ine anzanga ndiziwayang'ana bwanji? Ndinawauza kuti sitipereka. Ena anakana ndalama zimene makolo awo anatumiza chifukwa cha ine. Lero azimva kuti pulezidenti wabwerera m'kalasi, amayi ake akhala pagome la akuluakulu. Azinena kuti tagulidwa banja lonse."

"Tagulidwa, inde. Koma mtengo wake ndi wabwino."

"Bola ndisalembe."

"Ubwereze."

Sanabwereze. Anakhala pansi n'kuyamba kulira, kulira kwa mkwiyo kopanda mawu kumene anatengera kwa ine. Ndinamusiya alire. Ndinayamba kusankhula zovala zija, zoyera pazokha, zamitundu pazokha, ngakhale kunalibe madzi ochapira. Manja anga akamagwira ntchito mutu umaganiza bwino. Ndinkadziwa mwana wanga. Akanatha kuimirira Lachitatu n'kutukwana Bambo Mkulu pamaso pa sukulu yonse kuti anzake aone kuti sanagulidwe, ndipo malonda anga akanathera pomwepo.

"Lachitatu uli ndi mpata wolankhula?"

"Pulezidenti amayankha pomaliza."

"Ndiye tamvera. Bambo Mkulu usawatchule. Geti usalitchule. Ukangotchula, Lachinayi watha. Koma anzakowo akufuna kukuona ukukalipira munthu. Ukalipire ine."

"Inu?"

"Ine komiti singandichotse sukulu."

"Ndikanene chiyani?"

"Unayamba kundiyankha usanadziwe kumanga zingwe za nsapato. Mawu sakusowa iwe."

Anaseka, misozi ikadali m'maso. Ndinamusiyira sopo ndi ndalama ya madzi.

Bambo ake anaimba ali pachipata cha dziko lina, akudikira mapepala a thiraki. Mlongo wawo anali atawauza kale.

"Mayi ake, akuti mwakhala wapampando? Ndiye fizi atichotserako?"

"Atichotsera ulesi. Akuti wapampando ndiye ayambe kupereka chopereka, ena aonere."

Foni inaduka. Kumalire amati netiweki imavuta.

Lachitatu ndinavala diresi la kutchalitchi ndi nsapato za pabenchi, zoti ndikazibwezere zisanade. Asisitere ananditengera pambali kundiphunzitsa mawu.

"Munene kuti geti ndi nkhope ya sukulu."

"Nanga zimbudzi ndi chiyani cha sukulu?"

"Mayi, tiyeni tingokhala pa nkhope."

Anandikhazika pagome lakutsogolo, pakati pa iwo ndi Bambo Mkulu, patsogolo panga pali botolo la madzi. Holo inadzaza. Ana ena anabwera ndi zidebe n'kuzikhalira.

Sindinatalikitse. Ndinati ndine kholo ngati makolo awo. Ndinati sukulu ndi ya tonse, ndipo geti ndi nkhope ya sukulu. Ndinati makolo talandira choperekachi ndi manja awiri, ndipo tikuthokoza Bambo Mkulu chifukwa cha masomphenya. Ana anayamba kumenya zidebe. Mnyamata wina kumbuyo anafunsa mokuwa kuti andipatsa zingati. Ndinakhala pansi n'kumwa madzi onse a m'botolo muja, popeza anali aulere.

Kenako anaitana pulezidenti. Anayenda bwino mwana wanga, mutu uli m'mwamba, bulauzi yosachapa koma yositidwa. Holo inati zii.

"Anzanga, mayi amene alankhulawa ndi mayi anga ondibala."

Ambiri ankadziwa kale, komabe kunamveka phokoso. Anadikira lithe.

"Musawakwiyire. Sadziwa njira ina. Ine ndakulira kuseri kwa benchi lawo la nsapato. Ndawaona atagwada kuveka munthu nsapato, munthuyo akuwanena kuti katundu wawo ndi wonunkha, iwo n'kumati zikomo bwana. Wamsonkho anawalandapo katundu popanda chifukwa, anabweza theka, iwo zikomo bwana. Bambo anga amatha miyezi osatumiza kanthu, n'kubwera ndi buledi mmodzi, iwo amayala nsalu pathebulo. Mayi anga mutawapatsa madzi akuda, adzamwa, kenako adzakutsukirani kapu. Lero awapatsa mpando wofewa, ndiye athokoza. Ine ndinabwera kusukulu kuno kuti ndisadzakhale ngati iwo."

Za buledi sindinamutume. Za wamsonkho ndinkayesa kuti anali wamng'ono, sangakumbuke.

Holo inagwedezeka. Zidebe zinalira mpaka mazenera kunjenjemera. Atsikana anathamangira kutsogolo kukamukumbatira. Analankhulanso zina, za ufulu wa ophunzira ndi za m'badwo watsopano, koma Bambo Mkulu sanatchulidwe ndipo geti silinatchulidwe. Zonse zinayenda monga ndinakonzera. Bambo anaweramira kwa ine.

"Pepani kwambiri, mayi. Ana a masiku ano."

Ankaoneka ngati munthu amene galimoto yamuphonya n'kugunda woyandikana naye. Asisitere anandipatsa kansalu kopukutira. Ndinawauza kuti ndi thukuta, mu holo mukutentha.

Ana anatuluka akuimba ngati apambana. Chopereka chinatsala pomwe chinali.

Mwana wanga anandipeza kuseri kwa holo, nditakhala panjerwa za geti, ndikupukuta nsapato za pabenchi zija kuti ndiziike m'jumbo. Anayamba wayang'ana uku ndi uku ngati anzake akumuona.

"Amayi."

"Walankhula bwino."

"Ndinangowonjezera kuti akhulupirire."

"Akhulupirira."

"Si kuti ndimaganiza choncho."

"Sindinafunse."

Anaima pamenepo akupotokola chala. Pulezidenti anali atatsala mu holo. Amene anali patsogolo pangayo anali mwana yemwe uja ankagona pamakatoni kuseri kwa benchi.

"Mwakwiya?"

"Ndili ndi basi yoti ndikwere. Pita ukawerenge. Ukalephera pambuyo pa zonsezi, nanenso ndili ndi mawu anga, ndipo sindidzafuna chokuzira mawu."

Anafuna kundinyamulira jumbo mpaka pamsewu. Ndinamuuza kuti anzake angaone.

Lachinayi komiti inakumana. Inapeza kuti mwanayo analakwa, koma poona mmene wachititsira manyazi mayi ake pagulu, inaona kuti banjalo lavutika mokwanira. Anamupatsa chenjezo. Chopereka ndinapereka, woyamba pa makolo onse, mwa kufuna kwanga. Mnzake wa bedi la m'mwamba sanalembe mayeso. Anapita kwawo mayeso asanayambe, akuti adzabwera chaka chamawa.

Kukhonsolo amandiitanabe. Ndimapita, chifukwa amabweza ndalama ya basi. Ulendo wina ndinafunsa za pampu, ndipo anandithokoza kwambiri chifukwa cha funso lofunika, n'kuliika pa zokambirana za msonkhano wotsatira.

Tsiku limene mwana wanga analemba pepala lomaliza anandiimbira. N'kuti nditagwada, ndikumanga zingwe za nsapato ya bambo wina amene anali atanenerera mtengo mpaka phindu lonse kutha, n'kunenanso kuti anthu a pamsika ndife akuba. Foni inalira m'thumba la epuloni mpaka kusiya yokha. Bamboyo anaponya ndalama pabenchi. Ndinatsegula pakamwa, mawu aja akuti zikomo bwana ali kale palilime, ndipo ndinawamva mmene amamvekera kwa mwana amene wakhala kuseri kwa benchi. Ndinawanenabe. Kenako ndinapukuta manja n'kumuimbira, kumufunsa ngati wayankha mafunso onse.